KANDEGE KAKUTIDYA, MALAMULO ALI M'TULO

Achinyamata anzathu,

Ukangolemba zodzudzula akuluakulu pa Facebook, apolisi sachedwa kukupeza ndi lamulo la za pa intaneti la 2016. Nanga akulephera bwanji kugwira otsatsa mapiritsi "okulitsa mbuyo" ndi "owonjezera mphamvu" pa WhatsApp, nambala zawo zili poyera? Lamulo la 2019 lokhazikitsa PMRA silola kugulitsa mankhwala popanda chilolezo.

Juga nayo chimodzimodzi. Lamulo la 2022 lomwe linabweretsa MAGLA limaletsa osakwana zaka 18 kubetcha. Koma pa foni amafunsa zaka ndani? Mfana wa Fomu 2 akuponya ya makope pa kandege kudzera pa foni ya amayi ake. Enafe, digiri m'thumba, ntchito njee, tikuponya ya lendi.

Kuchoka kuno ku Area 14 kukafika ku Nyumba ya Malamulo ndi ulendo wapansi. Aphungu atiyankhe: malamulowa munalembera ndani?

Tikufuna:
1. MAGLA itseke aliyense wolola ana kubetcha.
2. PMRA ndi apolisi agwire ogulitsa mankhwala mwachinyengo.

Iwenso aise, mapiritsi apa sitetasi usagule. Ya lendi sunga.

Tumizirani magulu onse!