Khoti ya m'minibasi ifunika mabuku

M'dziko lino mulibe khoti yothamanga kuposa ya m'minibasi. Munthu akapezeka atafa m'ngalande ku Nabvutika m'mamawa, pofika pa Kapata mlandu watha kale. Woweruza ndi amai a pampando wa kumbuyo, mboni ndi kondakita amene anamva kwa mnzake wa njinga, ndipo wolakwa apezeka tikalibe kulandira ndi cenji comwe. "Ni mwamuna wake uja, nkhope yake ionekelatu." "Iyai, ni cibwenzi ca ku Mchini." "Imwe, izi ni za mankhwala a bizinesi." Aliyense aseluka ndi cigamulo cake n'kukacigawa ku msika, ku saluni ndi pa WhatsApp.

Ine ndikuti khoti imeneyi ifunika kupita ku sukulu, ndipo sukulu yake ili m'mabuku a mitundu iwiri amene anthu ophunzira amawanyoza: nthano za cikondi cosakanizika ndi zoopsa, ndi mabuku ofotokoza mmene milandu yeni-yeni inafufuzidwira. Ndikutinso mabuku otere tiwafuna m'Cinyanja, okamba za kuno kwathu.

Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mukuwadziwa. James Hadley Chase, Mills & Boon, ndi timabuku twa Pacesetters tumene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tolembedwa ndi anthu a mu Africa muno. Buku limodzi linali kuzungulira kalasi yonse mpaka cikuto kucoka. Aphunzitsi akakupeza nalo pansi pa desiki anali kulanda, ati likuononga mutu. Lero mabuku amenewa mumawapeza atayalidwa pansi pamodzi ndi salaula, masamba atafiira, mtengo wake wosafika ndi pa bando ya intaneti ya mlungu umodzi.

Tiyambe ndi nthano za cikondi. Kawiri-kawiri nkhani yake imayenda motere: mtsikana akumana ndi mwamuna waulemu, wobvala bwino, wa mau ozuna. Wowerenga amayamba kuona tuzinthu tumene mtsikanayo sakuona. Mwamuna uja safuna kukamba za kumene anacokera. Amakwiya mtsikana akaceza ndi abale ake. Amafuna kudziwa aliyense woimba foni. Pofika pakati pa buku mtima uli m'mwamba, ukukuwa cam'mtima kuti, "Thawa iwe!" Akulu anatiuza kale kuti cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mwambi umatha m'kamphindi, pamene buku limakuyendetsa masamba 200 mpaka uphunzire kuona nyererezo mkuyu ukalibe kung'ambidwa.

Wina anganene kuti izi n'zopeka cabe. Funsani akulu-akulu amene anali mu Lusaka mu 1980. Kuyambira January mpaka September caka cimeneco, akazi ndi atsikana pafupi-fupi 30 anaphedwa mocita kukanyangidwa pakhosi, ndipo manyuzipepala anacha wakuphayo kuti Lusaka Strangler. Ambiri mwa ophedwawo anali alendo mu tauni, ofika pa siteshoni osadziwa kolowera. Amene anagwidwa, Milton Sipalo, anali msilikali, ndipo anadzipha mlandu ukalibe kuweruzidwa. Ganizani za mtsikana wocokera ku Katete kapena ku Lundazi, basi yafika usiku, amalume sanabwere kudzamucingamira. Amene angamuope ndi cidakwa ca nsanza. Munthu wooneka bwino amene akuti, "Mlongo wanga, tiye nikupelekeze," amutsatira ndi mtima wonse. Nthano za cikondi ndi zoopsa zimaphunzitsa cinthu cimodzi cimeneci mobwereza-bwereza: coopsa sicibwera ndi nyanga.

Ndipo nthawi zambiri coopsaco sicicokera ku siteshoni, cimagona m'nyumba mwathu momwe. Apolisi ali ndi Victim Support Unit kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2011 dziko linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, Anti-Gender Based Violence Act. Lamulo lilipo, ofesi ilipo. Cimene cimasowa ndi diso loona msanga. Mtsikana amene alangizi anamuuza kuti ukwati ndi kupirira, ndipo anzake amuuza kuti nsanje ndiye cikondi, afunika wina womuuza kuti mwamuna wophwanya foni lero, mawa adzaphwanya mutu. Amai ake angacite manyazi kukamba. Buku lilibe manyazi.

Tsopano mtundu waciwiri, mabuku a milandu yeni-yeni. Lodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi In Cold Blood la Truman Capote, limene linatuluka mu 1966. Limafotokoza za anthu anai a banja limodzi la Clutter amene anaphedwa usiku umodzi mu November 1959 m'kamudzi ka Holcomb ku Kansas, m'dziko la America. Mvetserani bwino apa, inu oweruza a pampando wa kumbuyo. Munthu woyamba kuganiziridwa anali mnyamata amene anali pa cibwenzi ndi mwana wamkazi wa m'nyumbamo, cifukwa ndiye anali womaliza kuceza nao usiku umenewo. Anthu a m'mudzimo anayamba kukayikirana okha-okha, kukhoma zitseko, kuyang'ana aneba ndi diso lofiira. Koma akupha eni-eni, Perry Smith ndi Richard Hickock, anali alendo ocokera kutali, osadziwika ndi aliyense pamudzipo. Anagwidwa patapita milungu isanu ndi umodzi, cifukwa mkaidi wina amene anakhalapo m'cipinda cimodzi ndi Hickock anaulula zimene anamva, ndipo mapazi a nsapato opezeka m'nyumbamo anagwirizana ndi nsapato zao.

Mnyamata uja akanakhala wa m'komboni mwathu, kodi akanafika tsiku laciwiri? Kapena tikanamuveka tayala dzuwa likalibe kulowa?

Funso limeneli si lopeka. Kumayambiriro kwa 2020 nkhani ya anthu opopera gasi m'manyumba inayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Tonse tikumbukira mmene tinali kugonera panja ndi zibonga. Anthu oposa 40 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ena anali alendo ofunsa njira, ena okalamba, ena odwala maganizo, ena anangopezeka pamalo olakwika atanyamula cola. Palibe anafunsidwa umboni, palibe anapatsidwa mpata woyankha. Ndime 18 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti itamupeza wolakwa, koma mphekesera ikafika pa siteshoni ndimeyo imatsala m'kabati.

Munthu amene wawerengako mabuku awiri kapena atatu a kufufuza milandu amakhala wobvuta kumunamiza. Amadziwa kuti woyamba kulozedwa cala nthawi zambiri si iye. Amadziwa kuti mboni ziwiri zoona cinthu cimodzi zimafotokoza mosiyana. Amadziwa kuti gulu likapondaponda pamalo pamene pagona mtembo, likufafaniza mapazi amene akanagwiritsa wakuphayo. Amadziwanso kuti kupha woganiziridwa ndiye mphatso yaikulu imene mungapatse cigawenga ceni-ceni, pakuti mlandu umatsekedwa iye ali phee kumwa tiyi. Wina akati, "Ati anamugwila na botolo," iye amafunsa kuti, "Anamuona ndani? Botolo yake ili kuti manje?" Mafunso awiri amenewa akhoza kupulumutsa moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bvuto ndi ili: pafupi-fupi mabuku onsewa ali m'Cizungu, ndipo amakamba za Kansas, London ndi Lagos. Amai ogulitsa tomato pa Saturday Market, amene amawerenga bwino Baibulo la Cinyanja ndi uthenga wa pa foni, sapezamo cao. Pitani mukafunse ogulitsa mabuku ku Down Shops kuti mufuna buku la Cinyanja lofotokoza mmene abale atatu a Mailoni anabvutitsira anthu a m'cigwa ca Luano kwa zaka zingapo mpaka asilikali anawaombera mu June 2013. Mudzabwerako ndi mapepala a mayeso a Giredi 12. Nkhani zathu zikulu-zikulu timazisiya m'manja mwa mphekesera, ndipo mphekesera imaonjezera zithumwa, kusanduka nyama ndi zipolopolo zosanduka madzi. Pamapeto pake ana athu amakula akudziwa kuti zigawenga zili ndi mankhwala, osadziwa mmene zinagwidwira.

Kulemba za milandu ya kuno n'kotheka. Patrick Wele analemba buku lonena za Adamson Mushala, amene anazunguza boma la Kaunda ku North-Western Province mpaka kuphedwa mu November 1982. Bukulo, Kaunda and Mushala Rebellion, linatuluka mu 1987, nthawi ya cipani cimodzi, pamene kukamba nkhani zotere kunali kofuna mtima wolimba. Nanga ife lero tiopa ciani? Zigamulo za makhoti akulu-akulu zili poyera, zambiri mungaziwerenge pa foni pa ZambiaLII. Mu December 2023 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma, Access to Information Act, linasainidwa. Pano pa Chipata pali High Court, pali apolisi opuma nchito amene mitu yao yadzala ndi nkhani, pali atolankhani amene anakhala m'khoti kuyambira tsiku loyamba la mlandu mpaka lomaliza.

Ndipo asatinamize munthu kuti a Cinyanja sakonda nkhani zazitali. Julius Chongo anali kukhazika dziko lonse pansi ndi Poceza M'madzulo pa wailesi ya Zambia, anthu kusiya nsima kuzizira kuti amve mmene nkhani ithere. Kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, Willie Zingani analemba Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, ndipo anthu anawerenga. Njala ya nkhani ilipo. Umboni wake ndi khoti ya m'minibasi yomweyi: anthu amene amakangana za mlandu kucokera ku Nabvutika mpaka m'tauni ndi owerenga amene akusowa buku.

Pali zodandaula ziwiri zimene ndiyenera kuzilemekeza. Coyamba n'cakuti mabuku a milandu amasandutsa maliro a ena kukhala zosangalatsa. Izi zimacitika ndithu, maka-maka wolemba akamakometsera wakupha ngati ngwazi n'kuiwala ophedwa. M'tauni yaing'ono monga yathu, mwana wa malemu akhoza kukhala pafupi nanu m'basi. Conco wolemba asankhe milandu imene khoti inatsiriza, atsamire pa zolembedwa za khoti, akapemphe mau kwa ofedwa mwaulemu monga timacitira pa maliro, ndipo asachule dzina la mwana kapena la mkazi wogwiriridwa. Wolephera izi asiye colembera, akagulitse makala.

Caciwiri n'cakuti nthano zina za cikondi zimaphunzitsa zosiyana ndi zimene ndakamba. Zimaonetsa mwamuna waukali, wolamulira, amene pamapeto amasintha cifukwa ca cikondi ca mtsikana. Bodza limeneli laika akazi ambiri m'manda. Koma mankhwala a buku loipa ndi buku labwino, lolembedwa ndi munthu wodziwa mmene nkhanizi zimathera ku Magazine ndi ku Mchini. Amai amene anagwirapo nchito m'cipatala kapena ku Victim Support, inu ndinu muyenera kulemba nthano zimenezi, cifukwa mapeto ake munawaona ndi maso.

Conco pempho langa lipite kwa atatu. A Zambia Educational Publishing House ndi ena osindikiza, yesani timabuku tating'ono twa Cinyanja, tokwana m'thumba, twa mtengo wofanana ndi ulendo umodzi wa basi, tugulitsidwe pa siteshoni pamene pali anthu. A mawailesi athu, Breeze FM ndi Radio Maria, patulani theka la ola pa mlungu kuti muwerenge nkhani yotere, gawo ndi gawo, ndipo muitane wapolisi wopuma kapena loya adzafotokoze cimene cinagwiritsa wolakwa. Ndipo inu aphunzitsi, mukapeza mwana ali ndi buku la cikondi pansi pa desiki, mulandeni pa nthawi ya masamu, koma mumubwezere poweruka.

Kwa ife okwera basi, nchito yathu ndi yaing'ono. Mawa wina akayamba kuti, "Mwamvela? Ati ni uja wa pa kona," musathamangire kugwedeza mutu. Mufunseni kuti anaona ndani, ndipo anakanena ku polisi iti. Akakhala cete, nkhaniyo iseluke pa siteshoni yomweyo, isafike nanu kunyumba.