Eya, ndikuyamwitsa amphaka

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, mwina mwamva kale kuti mphunzitsi wanu uja wa Biology wazungulira mutu, akuyamwitsa amphaka. Za kuyamwitsazo n'zoona. Ndati ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanafike ku Liwonde itamera nyanga.

Masabata 7 apitawo mtsikana wina wa Fomu 2 anafika kunyumba kwanga ndi katoni ya sopo. M'katimo munali tiana tinayi ta mphaka tosatsegula maso. Make anafa atadya khoswe wodya mankhwala, ndipo kwawo anamuuza kuti akatitaye kutchire. Iye anaganiza kuti woti amaphunzitsa za nyama zoyamwitsa sangasowe chochita. Ndikanakana bwanji?

Kamodzi kanafa tsiku lachitatu, ndipo wolakwa ndine. Ndinakagoneka chagada ngati khanda la munthu n'kumakathira mkaka ndi supuni. Kanatsamwa, mkaka unalowa m'mapapo, kutacha kanali katauma. Dipuloma yanga sinandithandize. Anandiwongolera ndi mlangizi wa ziweto, zina ndinawerenga pa intaneti.

Mwana wa mphaka amabadwa ndi magalamu 100 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo masabata atatu oyamba thupi lake silitha kudzifunditsa lokha. Ngakhale kuno ku Nkaya kotentha chonchi, m'bandakucha amazizidwa. Wozizidwa musamumwetse, m'mimba mwake simugaya. Yambani mwamufunditsa ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje. Pomwetsa agone chafufumimba, mutu utadzuka pang'ono, monga amachitira pa bere la make. Timabotolo ta amphaka simungatipeze pa sitolo za kuno. Ine ndinatenga sirinji yopanda singano, n'kuikako kampira ka mu vavu ya njinga, nditakawiritsa. Osakankha ndi mphamvu, kadziyamwira kokha. Sabata yoyamba ndi maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, moti sitima za malasha zochokera ku Moatize, zimene ndakhala ndikuzinyoza kuti zimatisowetsa tulo, zinasanduka belu langa.

Mkaka wa ng'ombe umawatsegula m'mimba, komanso mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi wa make. Ulipo mkaka waufa wopangira ana amphaka, koma umenewo mukaufunse kwa madokotala a ziweto ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ine ndinadalira wa mbuzi, wowiritsa, wosakaniza ndi mbali yachikasu ya dzira. Si wabwino kwenikweni, koma watifikitsa pano.

China chimene buku la MSCE silinena ndi ichi: kamwanako sikakodza kapena kuchita chimbudzi pakokha. Make amakanyambita kumunsi. Ndiye mukamaliza kumwetsa, mutenge kansanza konyowa ndi madzi ofunda n'kukasisita pang'onopang'ono mpaka kadzithandize. Mayi a kunyumba atandipeza ndikuchita zimenezi 3 koloko ya usiku anangoti, "Bambo, ana anu enieni simunawasinthepo thewera." Ndinalibe poyankha.

Mu sitafu rumu mnzanga wina anandifunsa funso limene sindikufuna kulizemba. Anati ana akubwera kusukulu osadya, inu dzira mukupatsa mphaka? Ali ndi mfundo. Tonse tikukumbuka 2024, pamene boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, ndipo ife a ku Balaka ndi Machinga sitinachite kumva pa wailesi. Koma tiwerengere bwino. Tiana titatu sabata yoyamba sitinamalize ngakhale theka la kapu ya mkaka pa tsiku. Nanga khoswe? Bere lake ndi la masabata atatu okha, amaswa ana 6 kapena kuposa, kangapo pa chaka. Actellic amapha anankafumbwe, khoswe samuopa. Thumba la PICS limene mwagula modula, khoswe akangoliboola ntchito yake yatha. Chimanga chochepa chimene timakolola kuno chimafuna mlonda, ndipo mlonda wotchipa kuposa mphaka sindinamuone.

M'malo mwake timathamangira tameki wa pamsika, wokulunga m'timapepala topanda dzina. Amapha khoswe, n'kupha mphaka wodya khosweyo, nkhuku, nthawi zina mwana wokwawa. Mlonda tamupha tokha, makoswe abwereranso, tikagulenso tameki. Pa Agriculture timaphunzitsa ng'ombe, mbuzi, nkhuku, nkhumba. Mphaka sitimutchula, chonsecho ndi amene amateteza zonse zimene taphunzitsa pa mutu wa kasungidwe ka mbewu.

Ndikudziwa chimene chimatimanga pakamwa. Mphaka kwathu kuno ali ndi mbiri ya ufiti, makamaka wakuda, ndipo kamodzi mwa tiana tangati n'kakuda bii. Mayi wina woyandikana nafe analetsa mwana wake kubwera kwathu. Ine ndine bambo wapantchito, anthu angong'ung'udza basi. Koma akanakhala gogo wokhala yekha, akudzuka usiku kumwetsa mphaka wakuda, bwenzi tikukamba zina. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa m'midzi mwathu pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa. Ngati ife aphunzitsi tiopa kugwira mphaka pamaso pa ana, adzawachotse mantha amenewa ndani?

Choopa chenicheni pa mphaka ndi chiwewe, osati ufiti. A Mission Rabies anayamba kutemera agalu ku Blantyre mu 2015, ndipo anthu ambiri anazolowera kuti katemerayu ndi wa agalu okha. Mphaka nayenso amadwala chiwewe ndipo amapatsira. Akakwana miyezi itatu abayidwe. Akakulumani kapena kukukalani mphaka wosamudziwa, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Tiana titatuto tinatsegula maso patatha masiku 10. Ana a Fomu 2 akhala akutiyeza pa sikelo ya mu labu ndi kujambula girafu, ndipo aona okha kuti kamwana kathanzi kamawonjezera magalamu 10 kapena kuposa pa tsiku. Sindinaonepo kalasi imeneyi ikulimbirana kujambula girafu. Pano sirinji tinasiya, tikudya usipa wosinja wonyowetsa.

Kakuda ndasunga ndine. Kamodzi n'ka mtsikana uja, bambo ake avomera atapeza thumba lachiwiri litabooledwa. Katsala kamodzi, kakakazi, kamawangamawanga. Woyamba kufika atenga mwezi wamawa, katabayidwa kale.