NJOKA YA SHERLOCK HOLMES IKADAFA NDI NJALA KU KARONGA

Pamsonkhano wathu wapitawu mnzathu wina ananena kuti aliyense wofuna kulemba nkhani yofufuza zaupandu ayambe wagwadira Arthur Conan Doyle, makamaka nkhani yake ija ya "The Adventure of the Speckled Band". Ati ilibe banga. Wina wa chaka chachinayi anamudula pakamwa, amvekere nkhani zotere nzachibwana, zongoŵerenga m'basi. Nthaŵi inatha ndisanalankhule, tsono ndiyankhe pano: nonse aŵiri mwaphonya.

Kwa amene simunaiŵerenge, nkhaniyi inatuluka mu Strand Magazine mu 1892, ndipo mu 1927 Doyle mwini anaiika poyamba pa nkhani za Holmes zimene ankazikonda. Mtsikana wina, Helen Stoner, afika kwa Holmes mbandakucha akunjenjemera. Mbale wake Julia anafa zaka ziŵiri zapitazo m'chipinda chokhoma, patatsala masabata aŵiri kuti akwatiwe, atadandaula kuti usiku amamva likhweru. Tsopano Helen nayenso wapeza mwamuna, bambo wake womupeza Dr Roylott wamusamutsira m'chipinda chomwecho, ndipo likhweru lija layambiranso.

Ndiyambe ndi iwe wa chaka chachinayi. Taona zimene Holmes akuchita asanaloze munthu chala. Choyamba akukaŵerenga chikalata cha chuma cha masiye, napeza kuti mtsikana aliyense akakwatiwa azilandira mapaundi 250 pachaka kuchokera pa 750 amene Roylott akudya. Kenaka akukwaŵa m'chipindamo ndi maso ake. Bedi ndi lokhomeredwa pansi. Chingwe cha belu sichiliza belu aliyense. Kabowo ka mpweya sikatulukira panja koma m'chipinda cha dokotalayo. Zonsezi Doyle akutionetsa ife oŵerenga nthaŵi yomweyo imene Holmes akuziona, kotero pamapeto sitinganene kuti watibera. Holmes avomeranso kuti poyamba anasokera. Kodi chibwana chake nchiti pamenepa?

Ine nkhaniyi sindiitenga ngati maseŵera. Ndili Fomu 2 mnyamata wina m'mudzi mwathu anagona ali bwino, m'maŵa wake ndi mtembo. Dzuŵa lisanaloŵe mudzi wonse unali utagamula kale kuti wamudya ndi gogo wina wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Palibe anafunsa zimene malemuyo anamwa usikuwo, kapena amene ati atenge ng'ombe zimene anali atangolandira. Gogoyo anathaŵa usiku, ndipo anakafera kwa eni. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lilipo m'dziko muno kuyambira 1911, koma lamulo silingaphunzitse munthu kufunsa mafunso. Nkhani yolembedwa bwino ingathe. Ndani apindula ndi imfayi? Chitseko chinali chotani? Mafunso aŵiri okhaŵa akadapulumutsa gogo uja.

Tsono ndibwere kwa iwe wogwada. Chinsinsi chonse cha nkhaniyi chagona pa njoka. Roylott akuisunga m'bokosi lachitsulo lokhoma, akuimwetsa mkaka m'kambale, akuitumiza kudzera pakabowo kuti itsike ndi chingwe, ndipo kukamacha akuiitana ndi likhweru ibwerere. Ine ndakulira kumene ng'ombe zimagona pafupi ndi anthu ndipo mkaka sumasoŵa, koma sindinaonepo mphiri kapena nsato ikunyambita chipanda. Njoka imameza mbeŵa, achule ndi mazira. Ya Doyle ikadafa ndi njala. Njoka ilibe makutu akunja. Chimene imamva bwino ndi kugunda kwa pansi, nchifukwa chake polima mpunga ku Kaporo anthu amaponda mwamphamvu m'udzu. Kuiitana ndi likhweru ngati galu wosaka nkunama. Mtundu wake umene Holmes akuutchula kulibe padziko lonse. Ululu wake ukupha Roylott m'masekondi 10, chonsecho Julia anapeza mpata wokuwa, kutsekula chitseko, kutuluka ndi kulankhula. Ndipo ati wofufuza za imfa sanaone bala. Amene anaonapo mwendo wolumidwa ndi mphiri, utatupa ngati mtondo, angoseka.

Wina anena kuti iyi ndi nthano chabe. Ayi. Kalulu akalankhula m'nthano sitidandaula, chifukwa nthano siilonjeza kuti zinachitika. Koma nkhani yofufuza imalumbira kuti zonse zili ndi chifukwa chomveka. Ikanama pamene panagona chinsinsi, yaswa lumbiro lake.

Palinso china chimene chimandiŵaŵa koposa njokayo. M'nkhaniyi choipa chilichonse nchochokera kutali. Ukali wa Roylott ati unakula chifukwa chokhalitsa kumaiko otentha. Ku Calcutta anamenya wantchito wake wa kumeneko mpaka kumupha, koma munthuyo alibe ngakhale dzina, wangotchulidwa mongodutsa. Oyamba kuganiziridwa ndi Aromani osauka ogona m'misasa, amene sanalakwe kanthu ndipo sapatsidwa liwu limodzi lomwe. Ngakhale nyani woyendayenda pabwalopo ati anachokera ku India, pamene nyani wotere kwawo ndi kuno ku Africa ndi ku Arabia. Kwa Doyle maiko otentha onse anali thumba limodzi lotapamo zoopsa. Kumbukirani nyengo yake: kampani ya African Lakes inamenyana ndi Mlozi ku Karonga kuyambira 1887 mpaka 1889, dziko lino linagwa m'manja mwa Angelezi mu 1891, ndipo Harry Johnston anapachika Mlozi mu 1895. Oŵerenga Strand ankatiganizira ife ndi maso omwe ankaonera njoka ija. Holmes amene amaona kadontho ka matope pamkono wa malaya a Helen sakuona chilichonse mwa anthu ameneŵa. Iwo ndiwo gogo uja wa kumapeto kwa mudzi.

Choncho anzanga, Doyle tisamugwadire ndipo tisamutaye. Tibe luso lake loika umboni poyera, thumba lake la zoopsa timusiyire. Nkhani zofufuza tili nazo zambiri zosalembedwa: ng'ombe zoŵoloka Songwe usiku, chuma cha masiye chotha maliro asanathe. Amene alembe yoyamba m'Chicheŵa abwere nayo kumsonkhano. Koma akaikamo njoka, ayambe wafunsa mwana woŵeta ng'ombe.