Amalamula ndani pa bolodi la mu laibulale?

Mwezi wathawu ndinanyamula kapepala kanga kupita ku laibulale ina mumzinda muno mwa Lilongwe. Dzina lake tilisiye. Nkhani inali yaing'ono: madzulo ndimaphunzitsa masamu ana ofuna kubwereza mayeso a Folomu 4, tsono ndimafuna kuti obwera kudzawerenga aone nambala yanga pa bolodi la zidziwitso. Inde, ine yemwe yunivesite ndinaisiyira panjira fizi itandikanika. Masamu okha sanandithawe.

Bambo wa pakauntala anakatembenuza kapepalako ngati kali ndi minga. "Achimwene, izi sitimata. Dikirani abwana." Abwanawo anali kumsonkhano. Chonsecho pabolodipo panali chilengezo cha msonkhano wachitsitsimutso womwe unachitika chaka chatha, ndi china cha ngongole zachangu, zomwe kwathu timangoti katapila. Nditafunsa kuti lamulo likuti chiyani, bamboyo anamwetulira nati, "Timangoona."

Sindikumunena bamboyu. Ali ndi ana oti adye, ndipo mantha akewo anachita kuwapeza. Mchaka cha 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo lopatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yoletsa mabuku ndi mafilimu. Buku la George Orwell la Animal Farm linali loletsedwa. Ndakatulo za a Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zinachotsedwa m'masukulu, m'malaibulale ndi m'masitolo mu 1985, ndipo eni akewo anawatsekera ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Mu Malichi 1992 kupezeka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika kunali mlandu. Masiku amenewo wantchito wanzeru ankadziwa kuti yankho losamangitsa ndi kukana.

Koma pa 14 Juni 1993 makolo athu anavotera matipate. Ndime 35 ya malamulo aakulu a dziko lino imatipatsa ufulu wolankhula zakukhosi, ndime 37 ufulu wodziwa zinthu, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Nanga bwanji kapepala ka masamu kazidikira abwana? Chifukwa pamene lamulo silinalembedwe, amalamula ndi mantha kapena chibale. Wodziwana ndi wapakauntala amamata, wosadziwika amabwerera.

Ndipo akuluza si a ku Area 10 kapena Area 43 ayi. Iwowo intaneti ili m'nyumba. Akuluza ndi mwana wa ku Kawale yemwe bandulo inamuthera dzana, wofuna kudziwa za sikolashipu kapena chipinda cha lendi, ndi mayi wa kaunjika ku msika wa Tsoka yemwe gulu lake la banki mkhonde likuitana mamembala. Malo aulere, a denga, omwe munthu amalowa osafunsidwa khadi la chipani kapena mpingo, atsala angati m'tauni muno?

Pempho langa likupita ku National Library Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo likulu lake lili ku City Centre, pafupi ndi Capital Hill. Akuluakulu inu, lembani tsamba limodzi lokha, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, limatidwe pamwamba pa bolodi la nthambi iliyonse, malaibulale enawo adzatengera pomwepo. Linene kuti chilengezo chizikhala ndi dzina ndi nambala ya mwini wake, chizidindidwa tsiku lomata, ndipo pakatha masabata awiri chizichotsedwa, kaya ndi cha abusa kaya cha nduna. Chikakanidwa, chifukwa chake chilembedwe, munthu adziwenso kokadandaula. Izi si zachilendo. Bungwe la malaibulale a ku America, mu chikalata chake cha Library Bill of Rights chomwe chinayamba mu 1939, limati laibulale ikatsegula malo oonetsera zinthu iwatsegulire onse mofanana, posayang'ana zomwe wopemphayo amakhulupirira.

Ndikudziwa ena ati, "Mukatero bolodi lisanduka msika." Ali ndi mfundo. Ine ndikuti gawani bolodilo, mbali ina ya maphunziro ndi misonkhano, kambali kena ka malonda ang'onoang'ono: telala, wokonza mafoni, mphunzitsi ngati ine. Koma katapila ayi, ndipo wolonjeza ntchito za kunja aonetse kaye mapepala a kampani yake. Tonse tinamva mu 2024 za amayi athu omwe anakazunzika ku Oman atanamizidwa ntchito zabwino. Chidindo cha laibulale anthu amachikhulupirira, chisamagwe paliponse.

Pamene pavuta zedi ndi pa ndale. Maganizo anga ndi akuti mtsutso kapena msonkhano woitana aliyense umatidwe, kaya wakonza ndi wa boma kaya wotsutsa. Nkhope za opikisana pa chisankho zikhale panja, zonse, osati za mbali imodzi yokha. Chimodzimodzi tebulo la chionetsero cha mabuku. Pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, ikani zithunzi za Ngwazi ikutsegula misewu ndi sukulu, palibe cholakwa. Koma pambali pake pakhalenso buku la a Mapanje la And Crocodiles Are Hungry at Night, lofotokoza za ku Mikuyu. Mwana wobadwa mu 2008 awerenge zonse ziwiri, akaweruze yekha. Wantchito amene wayala tebulo lotere ayenera kukhala ndi pepala loloza bwana wina akamuimbira foni mokalipa.

Kapepala kanga kaja ndinakamata pa polo ya magetsi mu msewu wa Malangalanga, pansi pa chilengezo cha sing'anga wobweza mwamuna wothawa. Mpaka lero andiimbira anthu atatu. Awiri amafuna sing'angayo.