Sukulu Ziwiri za Paul Laurence Dunbar

Paul Laurence Dunbar, mlakatuli wa ku America, anabadwa pa 27 June 1872 mumzinda wa Dayton, m'chigawo cha Ohio. Makolo ake, Joshua ndi Matilda, onse anali atakhalapo akapolo ku Kentucky. Banjalo linatha Paul akali wamng'ono, ndipo mayi ake anamlera ndi ndalama zochapira anthu zovala.

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Sukulu yoyamba ya Dunbar inali pakhomo pomwepo. Matilda ankamsimbira za moyo wa kuminda ya ukapolo, m'Chingerezi cha anthu akuda akumwera, chimene ophunzira a nthawiyo ankachiyesa chilankhulo chopotoka. M'makutu mwa mwanayo munalowa kamvekedwe ka mawu, nthabwala ndi chisoni cha anthu amene mabuku sankawawerengera.

Sukulu yachiwiri inali sekondale ya Central High School, kumene iye yekha ndiye anali wakuda m'kalasi mwake. Kumeneko anazama m'ndakatulo za Chingerezi cha m'mabuku, nakhala mkonzi wa nyuzipepala ya sukulu ndiponso mtsogoleri wa kabungwe ka zolembalemba. Mnzake wa pasukulupo Orville Wright, amene pambuyo pake anatchuka ndi ndege, ndiye anamsindikizira kanyuzipepala ka Dayton Tattler mu 1890.

Atamaliza sekondale mu 1891, ndalama zopitira ku koleji panalibe, ndipo maofesi anamkana chifukwa cha khungu lake. Mnyamata amene anali mkonzi kusukulu anayamba kuyendetsa chikepe m'nyumba ina yosanja, akulandira madola 4 pamlungu. Buku lake loyamba, Oak and Ivy, la 1893, analisindikiza pangongole, ndipo ankaligulitsa kwa okwera chikepecho pamtengo wa dola imodzi.

Apa ndipo anthu amagawanika. Ena amati Dunbar weniweni ndi wa ndakatulo za m'chilankhulo cha mayi ake, ndipo zina zija kunali kungotsanzira Azungu. Maganizo otere anakula mu 1896, pamene William Dean Howells, wounika mabuku wotchuka, anayamikira kwambiri ndakatulo za chilankhulo cha kumudzicho kuposa zinazo. Chiyamikirocho chinamtchukitsa m'dziko lonse, komanso chinammanga. Dunbar anadandaulira mnzake James Weldon Johnson kuti anthu ankamumvera pokhapokha akalemba m'chilankhulo chimenecho.

Ena amatembenuza nkhaniyo: amati ndakatulo za chilankhulo cha pakhomo zinali zongosangalatsa ogula, ndipo luso lenileni lili mu Sympathy ndi We Wear the Mask, zolembedwa m'Chingerezi cha kusukulu.

Magulu onsewa akulakwa mofanana, pakuti akufuna kudula munthu mmodzi pakati. Zilankhulo zonse ziwiri zinali zake, ndipo zonse anazivutikira. Chingerezi cha m'mabuku sanachibe; anachikhalira pabenchi zaka zambiri, naposa anzake amene ankati nchawo. Chilankhulo cha Matilda nachonso sichinali chovala chobwereka kuti aseketse nacho anthu. Mako ndi mako angachepe mwendo. Ndipo We Wear the Mask, imene imanena za anthu obisa zowawa ndi kumwetulira, ikanachokera kuti pakadapanda nkhani za mayi wochapa uja? Sukulu inampatsa chotengera, pakhomo panampatsa zoikamo.

Nzoona kuti zina mwa ndakatulo zake za kumudzi zimaonetsa moyo wa kuminda mofewa kuposa mmene unalili, ndipo odzudzula ali ndi chifukwa. Koma mlandu waukulu uli ndi ogula ndi osindikiza amene ankafuna munthu wakuda woseka, osati wolingalira.

Dunbar anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 9 February 1906, ali ndi zaka 33. Funso limene moyo wake unasiya likali pakhomo lililonse pamene mwana amalankhula china ndi amayi ake, nalemba china kusukulu: kodi adzaloledwa kukhala mwini wa zonse ziwiri, kapena ena adzamsankhira chimodzi?