Pempho kwa Anthu Onse pa Nkhani ya Mano a Akuluakulu ndi Nthenda ya Kuiwalaiwala

Kwa inu mafumu ndi nduna zanu, abusa ndi mashehe, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, ndi inu nonse amene muli ndi kholo lokalamba pakhomo: ife anzanu amene tidadzipereka kuyendera nkhalamba ndi odwala m'midzi ndi m'matauni tikupempha kuti mutitchere khutu pa nkhani imene ambiri a ife, ngakhale tili osamala pa zina zonse za makolo athu, tidaisiya kuti izidziyendera yokha.

Pali chikhulupiriro chozika mizu pakati pathu chakuti munthu akakalamba mano ake ayenera kutha, monga momwe tsitsi liyenera kuchita imvi. Ndipo agogo akayamba kuiwala mayina a adzukulu awo, kapena kusokera panjira ya kuchitsime imene aiyenda moyo wawo wonse, timangoti ndi ukalamba, n'kupitiriza zathu. Zonse ziwirizi ndi matenda, ndipo pali nkhalamba zambiri zimene zimalowa m'manda ndi mano awo ndi nzeru zawo zomwe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi nthenda ya kuiwalaiwala, imene madokotala amaitcha dementia, ndi kuti oposa 60 mwa 100 alionse a iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wake wofala koposa ndiwo uja adaufotokoza dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, m'chaka cha 1906. Bungwe lomwelo lidawerenga mu 2022 kuti anthu oposa 1 biliyoni ali ndi chiseyeye chachikulu. Chimene chatidzutsa kuti tilembe n'chakuti ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense pofufuza payekha, akhala akupeza matenda awiriwa akuyendera limodzi.

Chiseyeye chimayamba mwakachetechete. Zakudya zikatsalira m'mphepete mwa mano, tizilombo tosaoneka ndi maso timamanga pamenepo kalitsiro koterera, kamene kakakhala masiku osachotsedwa kamauma gwa, kosathekanso ndi mswachi. Nkhama zimafiira ndi kutupa, zimayamba kulekana ndi dzino, ndipo m'kamphako kamene katsegukako tizilombo timaswana mwaufulu, kufikira fupa logwira dzinolo litadyeka, dzino n'kuyamba kugwedera lisanabooke n'komwe. Popeza nthendayi siipweteka poyamba, mwini wake amaiona ndi maso koma osaiopa: amatafuna nzimbe, n'kulavula zotsalira zake zili ndi timagazi, amaseka n'kunena kuti nzimbeyo inali youma. Pamenepo m'kamwa muli chilonda chosapola, ndipo nthawi iliyonse munthuyo akatafuna, tizilombo timapeza khomo lolowera m'magazi.

Tsono imvani zimene apeza. Ku Taiwan, kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 adaonetsa kuti anthu amene adakhala ndi chiseyeye chachikulu kwa zaka 10 anali pa chiopsezo cha nthenda ya Alzheimer chokwera ndi pafupifupi 70 peresenti kuposa anzawo. Mu 2021 akatswiri a pa New York University adasonkhanitsa kafukufuku 14 wokhudza anthu oposa 34,000, napeza kuti amene adataya mano ambiri anali pa chiopsezo cha kufooka nzeru chokwera ndi 48 peresenti, ndi cha dementia chokwera ndi 28 peresenti; chiopsezocho chinkakula ndi dzino lililonse lotayika, koma mwa iwo amene adaikidwa mano ochita kupanga kusiyanako sikudaoneke kwenikweni. Ndipo mu 2019, m'magazini ya Science Advances, ofufuza ena adalengeza kuti adapeza zizindikiro za kachilombo ka chiseyeye, Porphyromonas gingivalis, pamodzi ndi poizoni wake, mu ubongo wa anthu amene adamwalira ndi nthenda ya Alzheimer. Njira zimene akatswiri akuziganizira ndi izi: kuti tizilomboto timafika mu ubongo, kuti thupi likamalimbana ndi chilonda chosapola zaka ndi zaka, nkhondo yake imavulaza mitsempha ya magazi ndi ubongo womwe, ndi kuti wopanda mano amaleka nyama, nsawawa, zipatso ndi ndiwo zamasamba zolimba, n'kutsala pa phala ndi tiyi wa shuga, thupi ndi mutu n'kumafooka pamodzi.

Sitifuna kukusokeretsani ndi mawu okoma, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri si umboni wakuti china chidabala chinzake. Mankhwala amene adapangidwa kuti aletse poizoni wa kachilombo kaja adayesedwa mwa odwala, ndipo zotsatira zake mu 2021 sizidaonetse phindu limene ankaliyembekezera. Gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet, pondandalika mu 2024 zinthu 14 zimene zikadapewedwa zikadachepetsa nthendayi ndi pafupifupi 45 peresenti, lidatchula kusuta fodya, mowa wopitirira muyeso, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kugontha, kukhala wekhawekha ndi zina, koma matenda a m'kamwa silidawaike pa mndandandawo. Komabe taonani kuti fodya ndi shuga, zimene zili pa mndandandapo, ndizonso zimene zimakolezera chiseyeye, ndipo chiseyeye nacho chimavutitsa wodwala shuga kuti shuga wake atsike. Kotero kuti amene wataya chingambwe ndi kachasu, nayamba kusamala m'kamwa mwake, wapindula ndithu ngakhale mtsutso wa akatswiriwo utatha mwa njira ina iliyonse. Ife tikuona kuti kudikira kufikira ophunzira atagwirizana, pamene chofunika kuchita n'chotsika mtengo chotere ndipo sichivulaza munthu, ndi ulesi wovala chovala cha nzeru.

Pali mbali ina imene palibe amene amaitsutsa, ndipo ndiyo yatikhudza mtima koposa. Munthu akayamba kuiwala, chimodzi mwa zinthu zoyamba kutayika ndicho chizolowezi chotsuka m'kamwa. Ndipo nthendayo ikakula, dzino likamamupweteka sathanso kunena kuti likupweteka. Mudzaona agogo amene ankakonda chimanga chokazinga akuchikankhira kutali, akusunga nsima m'tsaya osaimeza, akugwira chibwano, akukalipa nthawi ya chakudya kapena kubuula usiku wonse. Apabanja amati nthenda ya mutu yakula, kapena amati agogo ayamba nkhanza, pamene chavuta ndi dzino limodzi lobooka la kumapeto. Ndiponso tizilombo ta m'kamwa mosatsuka, tikatsikira m'mapapo mwa nkhalamba yofooka imene imatsamwa pomeza, timadzetsa chibayo, chimene chimatenga okalamba ambiri.

Chifukwa chake tikupemphani, ana ndi adzukulu, kuti ntchito imeneyi muitenge ikhale yanu, monga mudatengera kale yowatungira madzi ndi kuwachapira. Sankhani nthawi imene agogo ali odekha, m'mawa atamwa phala ndiponso madzulo asanagone. Akhazikeni pampando, inu mukhale pambali pawo kapena kumbuyo pang'ono, pakuti wobwera kutsogolo ndi chinthu m'manja amaopsa munthu wosokonezeka. Auzeni mwaulemu chimene mukuchita, ndipo ngati manja awo akadali ndi mphamvu, apatseni mswachi, inu mutenge wanu, muzitsuka pamaso pawo kuti azikutsanzirani. Mswachi ukhale wofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride akhale ochepa ngati njere ya nsawawa, ndipo mutsuke pang'onopang'ono pamene dzino lakumana ndi nkhama, kwa mphindi ziwiri. Akatha alavule m'beseni, osachukucha ndi madzi ambiri. Nkhama zikatuluka magazi musaleke, popeza magaziwo ndi chizindikiro chakuti pamalopo pakufunika kutsuka. Koma akapitirira milungu iwiri, pitani nawo kuchipatala. Amene alibe dzino ndi limodzi lomwe apukuteni nkhama ndi lilime ndi kansalu koyera konyowa kokulunga kuchala, ndipo mano ochita kupanga azichotsedwa usiku ndi kutsukidwa. Akakana lero musalimbane nawo. Bwererani pakapita kanthawi. Kumene mswachi wa kusitolo sukupezeka, kamtengo kotafuna kunsonga kamene makolo athu ankagwiritsa ntchito kamathandiza ndithu, koma mchenga ndi makala zimapala dzino, ndipo m'bulu wa Aspirin woikidwa pankhama umaotcha mnofu osachiza kanthu.

Inunso a zaka makumi anayi kapena asanu, amene mukuwerenga pempholi poganizira makolo anu okha, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: chiseyeye chimene chidzagwetsa mano anu pa zaka 70 chayamba kale lero. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo a ku Japan, kuyambira 1989, adadziikira cholinga chakuti munthu afike zaka 80 ali ndi mano ake 20, okwanira kutafuna chakudya chilichonse. Musadikire kuti tsaya litupe ndipo muthamangire kukazulitsa; dzino lopita nalo msanga limamatidwa, ndipo litsiro louma lija amalipala kuchipatala.

Kwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo tili ndi pempho lolemera. Nkhalamba yoiwala imadzuka usiku n'kupezeka mbandakucha pakhomo pa eni, nthawi zina yosavala bwino, ikuyankhula zosamveka, ndipo mukudziwa dzina limene anthu amathamangira kuipatsa. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zidaphedwa ndi anthu a kwawo poganiziridwa ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Ngati zotere zigwera okalamba pa chifukwa cha mphenzi, nanga kuli bwanji iye amene sathanso kutchula dzina lake ndi la mudzi wake? Lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: lankhulani pabwalo, pamaliro ndi paguwa kuti wopezeka akusokera aperekezedwe kwawo ndi kutengeredwa kuchipatala.

Potsiriza tikutembenukira kwa a boma ndi oyendetsa zipatala. Tikuyamika kuti mu 2019 sukulu ya udokotala ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano m'dziko momwe muno mothandizana ndi University of Glasgow, ndi kuti mu 2022 dziko lidakhazikitsa ndondomeko yake ya umoyo wa m'kamwa. Koma madokotala a mano akadali ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo nkhalamba ya kumudzi siingayende mtunda wautali chifukwa cha nkhama zotuluka magazi. Tikupempha kuti alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuzindikira chiseyeye ndi zizindikiro zoyamba za kuiwalaiwala. Kuti pa tsiku la kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi wodwala aliyense aziuzidwanso kuti ayasamule, aonedwe m'kamwa. Ndi kuti azachipatala oyendera midzi, akabwera kudzayeza ana kusikelo, azipatula ola limodzi la agogo awo.

Ndife anzanu,
oyendera nkhalamba ndi odwala m'midzi ndi m'matauni.