Vayolini Ilibe Mtundu

Pali mau amene anditopetsa m'komboni mwathu: "izo ni za azungu." Timawaponya pa ciliconse cimene sitinalawepo, ndipo tikatero nkhani imathera pomwepo.

Ana anga a Giredi 11 anandiponyera mau omwewa nditawauza kuti pa Ciweru masana ndinali ku konsati ya anthu anai cabe: mavayolini awiri, viola ndi cello. Kunalibe mataye, kunalibe masipika, kunalibe wotsogolera wa kandodo. Tinakhala pafupi kwambiri moti ndinamva wa cello akukoka mpweya asanayambe. Anaiwo ankayang'anana, kupatsana nyimbo monga akulu amapatsirana mau pabwalo: wina ayamba, wina atsutsa, wina agwirizanitsa.

Za azungu? Mpira unacokera ku England, koma mu 2012 Chipolopolo itanyamula cikho ku Libreville palibe anati ticibweze. Gitala ya magetsi siinabadwire ku Matero, koma Paul Ngozi anailankhulitsa Cinyanja. Nanga vayolini yalakwanji? Joseph Bologne, amene amai ace anali kapolo ku Guadeloupe, anatulutsa nyimbo zace za oimba anai ku Paris mu 1773. Mu 1992 gulu la Kronos Quartet linatulutsa nyimbo ya Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe pa zipangizo zomwezi.

Ena amati amaopa kuomba m'manja pa nthawi yolakwika. Mu 1778 anthu a ku Paris anaombera Mozart nyimbo ili pakati, iye n'kukondwera. Manyazi amenewo si a nyimbo, ndi a anthu ofuna kuoneka apamwamba.

Okonza makonsati nanunso muli ndi mlandu. Mumabisala kumayadi, uthenga n'kumangozungulira pa WhatsApp pakati panu, kenako mumadandaula kuti acinyamata sabwera. Maholo a machalichi ali mbwee ku Chawama ndi ku Kanyama. Bwerani masana, minibasi zikali kuyenda.

Cimene tikutaya ndi makutu. Mabala amatilizira masipika mpaka mbandakuca, ndipo tazolowera kuti nyimbo yabwino ndi yogwedeza malata. Agogo athu ankamvetsera kalimba, kamene sikamveka ukaima kutali. Ankadziwa kukhala cete kuti amve.

Mukamva za konsati yotere, pitani ndi jinzi yanu yomweyo. Ikakunyansani, nenani poyera, ndi ufulu wanu. Koma kunyoza ndiwo imene simunalawe si kunyada ndi cikhalidwe. Ndi mantha.